Kugula puloti ndi kumanga nyumba za lendi mosonkherana: zoti mulembe musanaumbe njerwa

Mwezi sutha pakhonde panga pano pa Luchenza osafika munthu ndi nkhani yomweyi. Uyu akufuna kugula puloti ku Goliati ndi mnzake wa kuntchito kuti amange zipinda za ophunzira a ku yunivesite ya MUST. Uyu achimwene ake ali ku Joni, akutumiza ndalama zoti amange mdadada pa Chitakale, akuti "wa tonse". Uyu alamu ake amupempha kuti akawasainire ngongole ya malata. Amabwera kwa ine chifukwa ine, mlongo wanga ndi mng'ono wathu tili ndi zipinda 6 za lendi zomwe tinamanga mosonkherana, ndipo mpaka lero timadyerabe mbale imodzi. Ndafotokoza pakamwa kambirimbiri, ndiye ndati ndilembe kamodzi kuti wofunsa azikawerenga modekha kunyumba.

Anthu akamaphatikiza ndalama amakambirana za polowera pokha: puloti ili kuti, simenti matumba angati, lendi tidzaika zingati. Za potulukira sazikhudza, amati n'kuitana tsoka. Koma milandu yomwe ndaimvera pabwalo la amfumu imabuka potuluka, wina akafuna ndalama zake, wina akamwalira, kapena banja likatha. N'chifukwa chake gawo 7 ndalitalikitsa dala. Musalidumphe.

1. Yambani ndi malo: ndi a mtundu wanji, ndipo wogulitsayo ndi mwini wake zoona?

Kuno ku Thyolo ndi ku Mulanje malo ndi ochepa. Dera lalikulu lachonde lili ndi tiyi wa maesiteti, ife tathinana pa kotsalako, ndipo pamene malo avuta m'pomwe puloti imodzi imagulitsidwa kwa anthu awiri.

Malo ambiri omwe mungapeze pafupi ndi misika ngati Limbuli, Nkando, Thunga kapena Bvumbwe ndi malo a makolo, oyang'aniridwa ndi mafumu. Kalata yodinda ya anyakwawa ndi yofunika, koma si lizi. Imangochitira umboni kuti amfumu akudziwa zoti mwalowa pamalopo. Malo a lizi ndi amene anayezedwa ndi saveya, ali ndi mabikoni ndi nambala, ndipo boma linawapereka kwa zaka zowerengeka, kawirikawiri 99 pa malo omangapo nyumba. Wogulitsa akati malo ake ndi a lizi, musakhutire ndi fotokope. Kwerani minibasi mupite ku ofesi ya boma yoona za malo, ya Lands, ku Blantyre mukafufuze ngati dzina lolembedwalo ndi lakedi, ngati malowo sanaikidwe chikole ku banki, komanso ngati ndalama ya chaka ndi chaka ya lizi, imene amati ground rent, ilibe ngongole.

Pa malo a makolo m'pamene ambiri amagwa. Kwa Alhomwe ndi Amang'anja malo amayenda kuchikazi. Bambo amene akukulozerani malireyo mwina ndi mkamwini chabe pamudzipo, munda ndi wa akazi ake ndi abale awo. Kapena ndi amalume omwe akufuna kugulitsa alongo awo osadziwa. Mwinimbumba amayang'anira, koma malo si ake yekha. Funsani kuti amayi eni malowo ndi ati, mukhale nawo pansi, asaine kapena adinde chala pa kalatayo pamaso pa anyakwawa. Tsiku loyenda m'malire itanani oyandikana nawo mbali zonse zinayi, ndipo pangodya iliyonse mukwirire chitsulo ndi simenti tsiku lomwelo. Phata la nthochi si malire, limayenda. Dobadoba akamakuthamangitsani kuti pali wina akubwera ndi ndalama mawa, musiyeni wa mawayo agule.

Kaoneninso malowo mvula itagwa. Namondwe Freddy wa mu Malichi 2023 anationetsa kuti kamkhwawa kouma mu Okutobala kakhoza kunyamula nyumba. Ngati puloti yagundana ndi msewu waukulu monga wa M2, funsani ku khonsolo kuti gawo la msewu lathera pati, ndipo mufunsiretu za chilolezo cha pulani.

2. Sandutsani zimene aliyense wabweretsa kukhala magawo

Mawu oti "ndi zathu tonse" ndi okoma pa tsiku loyamba lokha. Khalani pansi muike mtengo pa chilichonse, ngakhale chimene si ndalama.

Nachi chitsanzo, manambalawa ndi ophunzitsira chabe. Mlongo wapereka puloti yomwe nonse mwagwirizana kuti ndi ya K3,000,000. Achimwene a ku Joni atumiza K5,000,000. Mng'ono waika K1,000,000, komanso ndiye akhale pamalopo miyezi yonse yomanga, kuwerenga matumba a simenti, kusaka mchenga ndi kulondola amisiri, ndipo mwagwirizana kuti ntchito imeneyo ikhale ya K1,000,000. Zonse pamodzi ndi K10,000,000. Achimwene ali ndi magawo 50 pa 100, mlongo 30, mng'ono 20.

Cholakwika chofala ndi kusawerengera thukuta la woyang'anira. Wotumiza ndalama amaona ngati nyumba yamangidwa ndi ndalama zake zokha, pamene amene anapsa ndi dzuwa amaona ngati popanda iye simenti ikanathera kwa amisiri. Onse akunena zoona, ndipo mukapanda kuika mtengo poyamba, aliyense amadzauika yekha mumtima.

Gwirizananinso za ndalama zobwera pambuyo. Nyumba ikafika pa linta ndalama n'kutha, amene waonjezera K1,500,000 ya denga, kodi wabwereketsa gulu kapena waonjezera magawo ake? Zonse ziwiri n'zotheka, koma mulembe tsiku lomwe ndalamayo yaperekedwa.

3. Dzina la papepala

Musalembe malo m'dzina la munthu mmodzi chifukwa choti ndi wamkulu kapena ndiye anali pafupi tsiku losaina. Amene dzina lake lili papepala ndiye angathe kugulitsa kapena kukopera ngongole, ndipo akamwalira, a kubanja kwake adzaona malowo ngati chuma chamasiye chawo. Maina onse alowe, pa kalata ya amfumu ngakhalenso pa lizi.

Pa malo a lizi malamulo amasiyanitsa njira ziwiri zokhalira eni ake angapo, ndipo loya akakufunsani muyankhe mukudziwa. Njira yoyamba, imene amati joint, palibe amene ali ndi gawo lakelake, ndipo mmodzi akamwalira malo onse amatsalira amoyowo. Ana a womwalirayo sapezapo kanthu. Njira yachiwiri, imene amati in common, aliyense ali ndi gawo lodziwika, ndipo akamwalira gawolo limalowa m'chuma chake chamasiye. Yoyambayo imayenera mwamuna ndi mkazi wake amene akufuna kuti wotsalayo asasokonezedwe. Abale kapena anzawo amene aliyense ali ndi ana ake asankhe yachiwiri, magawo aja a 50, 30 ndi 20 alembedwe.

4. Kusainira ngongole: mboni ndi wina, woimira ngongole ndi wina

Apa ndilankhula zimene zinandichitikira. Msuweni wanga anandipempha kuti ndikamusainire ngongole yomalizira nyumba yake. Anati akungofuna mboni. Ndinasaina pamene anandilozera osawerenga, chifukwa ndinkamukhulupirira, ndipo iyenso sankandinamiza dala, ankaganizadi choncho. Bizinesi yake itagwa, ndalama inayamba kudulidwa pa malipiro anga, miyezi 7, ana anga awiri ali ku sekondale. Zinandipweteka kwambiri, ndipo chibale chathu chinatenga zaka kuti chibwerere.

Mboni imangonena kuti ndinaona uyu akusaina, ndipo siilipira kanthu. Koma pamene pafomu palembedwa kuti guarantor kapena surety, mukulonjeza kuti wokongolayo akalephera mulipira ndinu. Mafomu ambiri amalola wobwereketsa kubwera kwa inu mwachindunji asanagwire n'komwe katundu wa wokongolayo, ndipo chimene mumalipira si ndalama yokongoledwa yokha, mulinso chiongoladzanja, zilango za kuchedwa ndi zolipira otolera ngongole. Mukasaina anthu awiri musaganize kuti aliyense wasenza theka, amatha kutsata mmodzi yekha amene ali ndi malipiro a pamwezi. Ku SACCO, bungwe losunga ndi kubwereketsa ndalama, masheya anu amatha kumangidwa mpaka ngongole ya mnzanuyo itatha. Ngongoleyo ikaonongeka, dzina lanu likhoza kukafika ku mabungwe osunga mbiri ya okongola, inuyo n'kudzakanizidwa ngongole yanuyanu.

Choncho musanagwire cholembera, tengani fomuyo mukagone nayo. Onani ngati yatchula malire a ndalama imene mukuimira. Ngati sinatchule, pemphani kuti alembe. Funsani ngati siginecha yanu ikhudzanso ngongole yoonjezera imene wokongolayo angadzatenge mtsogolo, chifukwa ambiri amagwidwa ndi imeneyi, yoyamba ija itatha kalekale. Funsani ngati ngongoleyo ili ndi inshuwalansi yoti wokongola akamwalira ithe. Muuzeni wokongolayo kuti mwezi uliwonse azikutumizirani umboni woti walipira, kuti musadzamve miyezi 4 itadutsa chiongoladzanja chitaunjikana. Akunyumba kwanu adziwe musanasaine, chifukwa ndiwo imene idzachepe ndi yawonso. Ndipo ngati ndalamayo ndi yoti simungathe kuibweza nokha popanda kutulutsa mwana sukulu, kanani. Mukhoza kunena kuti, "Alamu, kusaina sinditha, koma K100,000 iyi tengani, mudzabweza mukapeza." Kuwawa kwa kukana kumatha sabata imodzi.

Ngati ngongoleyo ndi yomangira nyumba ya gulu koma yatengedwa m'dzina la mmodzi, monga mphunzitsi amene ali ndi peyisilipi, lembani kuti ngongoleyo ndi ya nonse, ndipo lendi iziyamba yabweza ngongole musanagawane. Lembaninso kuti palibe amene angaike mapepala a malowo chikole popanda siginecha za onse. Kwa a katapila ndiye asafikeko n'komwe.

5. Ndalama ya lendi izilowera khomo limodzi

Sankhani wotolera mmodzi, ndipo muzimulipira. Tsegulani akaunti ku banki yofuna siginecha ziwiri potapa, kapena nambala ya Airtel Money kapena Mpamba ya nyumbayo yokha, yosasakaniza ndi ndalama ya ndiwo. Gulani kope lachikuto cholimba ndi buku la malisiti.

Pa chitsanzo chija, zipinda 6 pa K40,000 ndi K240,000 pamwezi. Chotsani K48,000 ya thumba lokonzetsera, chotsani K24,000 ya wotolera, patsala K168,000. Achimwene K84,000, mlongo K50,400, mng'ono K33,600. Thumba lokonzetseralo musalikhudze pa maliro kapena pa fizi. Mvula ya kuno ndi chinyontho cha chiperoni zimadya pulasitala ndi mafelemu msanga, chimbudzi chimadzaza, ndipo tsiku limenelo palibe amene amakhala ndi ndalama m'thumba. Pakutha pa mwezi wotolera ajambule tsamba la kopelo atumize pa WhatsApp kwa onse, ngakhale palibe wafunsa. Kumbukiraninso kuti ndalama ya lendi imakhomedwa msonkho ku MRA, ndipo ngati wochita lendi ndi bungwe kapena kampani, amadula msonkho asanakupatseni. Pepala losonyeza kudulako muzilitenga n'kusunga.

6. Pangano ndi matenanti

Tsamba limodzi likwanira. Lembani dzina ndi nambala ya chiphaso chaunzika, lendi ndi tsiku lolipira, dipoziti ndi zimene ingadulidwire, chiwerengero cha anthu okhala m'chipindamo, notisi ya mwezi wathunthu kumbali zonse ziwiri, komanso kuti saloledwa kulowetsa munthu wina n'kumamulipiritsa. Yendani naye m'chipindamo tsiku lolowa, mujambule magalasi, loko ndi makoma.

Mikangano yambiri ya pamdadada ndi ya magetsi ndi madzi. Mita imodzi ya ESCOM pa mabanja 6, wina ali ndi mbaula yamagetsi wina babu limodzi, mayunitsi akatha usiku ndi phokoso. Ngati simungathe kuika mita pachipinda chilichonse, ikani ndalama yodziwika malinga ndi zipangizo zimene aliyense ali nazo. Bilu ya madzi ya Southern Region Water Board imatsalira pa akaunti ya pamalopo tenanti akasamuka, ndiye muziiona nokha mwezi ndi mwezi.

Powerengera phindu musachulukitse lendi ndi miyezi 12. Ophunzira amapita kutchuthi. Ambiri othyola tiyi amalembedwa nyengo ya mvula tiyi akachuluka, chilimwe ntchito n'kuchepa. Ine ndimawerengera miyezi 10, iwiri yotsalayo ikabwera ndi mwayi.

Uzani tenanti aliyense kuti lendi imaperekedwa kwa wotolera yekha. Popanda zimenezi, mmodzi wa eni nyumba amafika madzulo n'kunena kuti mundipatseko ya mwezi wamawa ndili ndi odwala, tenanti sangakane chifukwa naye ndi landilodi, ndipo kope lija lasokonekera. Wachibale akalowa m'chipinda, alipire ngati wina aliyense, apo ayi lendiyo izidulidwa pa gawo la amene wamulowetsa.

Tenanti akasiya kulipira, musazule chitseko, musasasule malata, musamutsekere katundu. Mlandu umatembenukira inu. Mupatseni notisi yolemba, musunge kope lake, ndipo akakana kutuluka pitani kukhoti.

Palinso mchitidwe wofala m'misika yathu, womanga shopu pamalo a munthu wina n'kumadula pa lendi. Ndi njira yabwino kwa amene alibe puloti, koma lembani miyezi, osati ndalama yokha. Ngati mwamanga ndi K2,400,000 ndipo lendi mwagwirizana K60,000, lembani kuti mukhalamo miyezi 40 osalipira, kuyambira tsiku lakuti mpaka lakuti. Mukangolemba ndalama, mwini malo akhoza kukweza lendi chaka chamawa kuti ngongole yake ithe msanga. Lembaninso kuti akagulitsa malowo kapena akamwalira, panganolo lipitirira kwa wolowa m'malo mwake, ndipo abale ake eni malo asainepo.

7. Potulukira

Gawo ili ndi lovuta osati chifukwa cha masamu, koma chifukwa cha pakamwa. Kwathu kuno mng'ono sayang'ana achimwene ake m'maso n'kunena kuti "mukamwalira". Kufunsa pepala kumamveka ngati ukuti mnzako ndi wakuba. Njira imene inatithandiza ife ndi kuyamba ndi imfa ya iwe wolankhulawe. Ine ndinati, "Achemwali, ine ndi inu tikudziwana, pepalali si lathu. Ndikafa mawa, ana anga adzaima pamaso pa ana anu, onse sanaone pamene tinkasonkha. Ndikufuna adzapeze mawu athu, asadzamve za m'maluwa." Mlongo wanga anakhala chete kanthawi, kenako anati tilembe. Kambiranani zimenezi ndalama isanatuluke, aliyense akadali wokondwa. Pali makomo anayi.

Khomo loyamba ndi la amene akufuna ndalama zake. Sikuti wachita choipa. Mwana wasankhidwa ku yunivesite, kapena wapeza puloti kwina. Lembani kuti apereke notisi ya miyezi 3, ndipo anzake akhale oyamba kupatsidwa mwayi wogula gawo lake. Funso lalikulu ndi la mtengo. Otsalawo amakonda kunena kuti unaika K2,000,000, tenga K2,000,000 yako. Kumeneko n'kumubera. Kwacha inagwetsedwa ndi 25 peresenti mu Meyi 2022, n'kugwetsedwanso ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, ndipo ndalama imene inagula malata a nyumba yonse zaka zapitazo lero sifika n'theka lomwe. Wotuluka atenge gawo lake la mtengo wa lero. Ngati nyumba ija ya K10,000,000 lero ndi ya K18,000,000, wa magawo 20 atenge K3,600,000. Chimodzimodzinso mtengo ukatsika chifukwa khoma lang'ambika kapena msika wasamuka, alandire zotsikazo.

Nanga mtengo wa lerowo anene ndani? Lemberanitu njira yake. Yodalirika ndi kuitana katswiri wovomerezeka woyesa mitengo ya nyumba, onse n'kusonkha malipiro ake. Ngati nyumbayo ndi yaing'ono moti zimenezo zikudula, wotuluka asankhe munthu wake wodziwa za nyumba, otsala asankhe wawo, aliyense atchule mtengo payekha, mutenge wapakati. Ena amakonda njira yoti mmodzi atchule mtengo, winayo asankhe kugula kapena kugulitsa pa mtengo womwewo. Imaoneka yachilungamo, koma imakomera amene ali ndi ndalama m'manja, chifukwa wosaukayo sangagule ngakhale mtengo utatsika chotani. Pakati pa abale osiyana mapezedwe sindiilimbikitsa.

Otsalawo kawirikawiri sakhala ndi K3,600,000 nthawi imodzi. Lembani kuti akhoza kulipira pang'onopang'ono, tinene miyezi 12, ndipo wotulukayo azilandirabe lendi ya gawo limene sanalipidwe. Akalandira theka la ndalama yake, lendi yake itsikenso ndi theka. Dzina lake lichoke papepala tsiku limene walandira ndalama yomaliza. Miyeziyo ikatha osamulipira, akhale ndi ufulu wogulitsa kwa munthu wakunja, ndipo otsala asakane wogulayo popanda chifukwa chomveka. Kugawana zipinda kuti uyu zitatu uyu ziwiri kumaoneka kophweka, koma chimbudzi, mpope ndi bwalo n'zimodzi, ndiye mukatero mulembenso za zimenezo.

Khomo lachiwiri ndi la amene walephera kusonkha. Mpanda wagwa ndi mvula, pakufunika K900,000, thumba lokonzetsera silikukwana. Malinga ndi magawo, ndi K450,000, K270,000 ndi K180,000. Mng'ono alibe. Musamulande gawo. Amene ali nayo amulipirire, ndipo lendi ya mng'onoyo izipita kwa womulipirirayo mpaka ndalama itabwerera. Pa K33,600 pamwezi, imeneyo ndi miyezi 6 yosakwana. Lamulo lomweli ligwirenso ntchito ngati mmodzi walipira ngongole imene anasainira mnzake wa m'gululo.

Khomo lachitatu ndi imfa. Apa mwambo ndi lamulo zimakokana, ndipo muyenera kudziwa zonse ziwiri. Mwambo wa kuno umati za mwamuna za kwawo n'za mbumba yake, ana ake ali ndi kwawo kwa amayi awo. Koma lamulo la chuma chamasiye la 2011 limaika patsogolo mkazi kapena mwamuna wa womwalirayo, ana ake ndi amene ankawasamala, ndipo kulanda chuma chamasiye ndi mlandu. Ndiye taganizani achimwene aja a ku Joni amwalira, puloti inali ya mlongo, ndalama zambiri zinali zawo. Alongo akuti malowa ndi akwathu, mlamu wamasiye akuti nyumbayi anamanga ndi amuna anga. Onse ali ndi poimira, ndipo matenanti amangosiya kulipira kudikira kuti awone wopambana. Mlandu suola, umadzapeza adzukulu.

Lembani momveka kuti gawo la womwalira lipita kwa olowa m'chuma chake, ndipo lendi yake iyambe kuperekedwa kwa iwo mwezi wotsatira, osadikira kumeta kapena chiliza. Lembani kuti olowawo asankhe munthu mmodzi wowalankhulira, kuti musapezeke mukukambirana za loko ndi anthu 9. Ngati iwo akufuna ndalama m'malo mwa gawo, njira ya khomo loyamba ija igwire ntchito. Kuonjezera apo aliyense alembe wilo yake yotchula gawoli, asaine pamaso pa mboni ziwiri zimene sizikulandirapo kanthu. Pangano la gulu limanena kukula kwa gawo, wilo imanena wolitenga.

Khomo lachinayi ndi kutha kwa banja. Abambo amene muli pachikamwini, mvetserani. Nyumba yogona kumanga kwa akazi anu ndi udindo, palibe vuto. Koma musatenge ndalama ya mnzanu kapena ya m'bale wanu n'kukamanga nyumba za lendi pamalo a apongozi. Banja likatha inu mumanyamula chikwama, ndipo mnzanu uja alibe pokadandaula, chifukwa sanapangane ndi eni malo. Bizinesi ya gulu imangidwe pamalo ogula, a maina anu. Ngati palibe kuchitira mwina, eni mbumba asaine pangano lobwereketsa malowo kwa zaka zotchulidwa, lonena kuti lipitirira banja likhalepo kapena lithe. Amayi nanunso, ngati ndalama yanu ya geni kapena ya banki mkhonde ikulowa m'nyumba imene amuna anu akumanga ndi abale awo, dzina lanu lilowe m'magawo. Khoti likamagawa katundu wa banja limayang'ana zimene aliyense anathandizira, koma kutsimikiza zimenezo popanda pepala ndi ntchito yowawa. Mkazi kapena mwamuna wa aliyense wa m'gululo asaine pansi kuti waona panganolo ndipo akudziwa kukula kwa gawo la mnzake.

Pomaliza pa gawoli, tchulani okuweruzani mukasemphana. Anthu awiri amene nonse mumawalemekeza, wina wa kumpingo wina wa kubanja, maina awo alembedwe. Zikakanika apo nkhani ipite kwa amfumu, kenako kukhoti. Ikaninso malire a wotolera: chokonza chosapitirira K50,000 achite yekha n'kusunga lisiti, choposa apo afunse onse, ndipo kugulitsa, kukopera ngongole kapena kumanga china kufune siginecha ya aliyense, ngakhale wa magawo 20.

8. Kusaina ndi kusunga

Lembani m'Chichewa ngati ndicho nonse mumamva bwino, ndipo chiwerengedwe mokweza onse ali pompo. Aliyense asaine tsamba lililonse, ndi nambala ya chiphaso chake. Mboni zichokere mbali zosiyana, osati zonse za kwa mmodzi. Kenako pitani nalo kwa loya aliwerenge n'kulidinda. Ndalama yake ndi yochepa poyerekeza ndi matumba a simenti amene mukuteteza, ndipo pa malo a lizi kusintha maina kumafunika kudzera ku Lands, pepala lanu lokha silikwanira. Amene ali ku Joni asaine yekha akabwera pa Khirisimasi, osati wina kumusainira chifukwa anavomera pafoni. Aliyense atenge kope lake, mujambulenso pafoni, ndipo mapepala enieni a malo asungidwe kwa loya kapena kwa munthu amene sangawapereke kwa mmodzi yekha.

Ambiri amene amafika pakhonde panga amakhala atamanga kale, matenanti alimo, pepala palibe. Sikunade. Sonkhanitsani chilichonse chotsala: malisiti a kuhadiweya, mauthenga a Mukuru ndi a Airtel Money, kope la mmisiri ngati akadali nalo. Itanani msonkhano pa tsiku wamba, osati pamaliro kapena pamene mkangano wayamba kale. Aliyense anene zimene akukumbukira kuti anaika, ndipo pamene manambala akusemphana pang'ono gwirizanani nambala yapakati, musathere tsiku pa matumba 5 a simenti a zaka 8 zapitazo. Za lendi imene inadyedwa m'mbuyomo gwirizanani kamodzi, kaya kukhululukirana kaya kubweza pang'onopang'ono, mulembe kuti yatsekedwa. Mukatero tsegulani kope latsopano kuyambira pa 1 mwezi wamawa, ndipo tsiku lomwelo muyambe kukambirana gawo 7.